Mfuti yanga ya paintball yandilemera: ndisinthe ziti popanda kuononga kawombedwe kake?

Gologolo_68

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikusewera paintball, masewero owomberana ndi timipira ta penti, kuno ku Johannesburg kwa miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndimagwiritsa ntchito Tippmann 98 Custom imene ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito. Mfutiyi sinandivutitsepo pa kawombedwe, koma mwini wake woyamba anaiveka zinthu zambiri: chotsamira paphewa, chophimba mpope, kagalasi kolozera, ndi mpope wautali wa mainchesi 16. Thanki yake ya mpweya ndi ya aluminiyamu ya 48/3000. Loweruka lapitali tinasewera m'tchire kuyambira m'mawa, ndipo pofika masewero achinayi dzanja langa lamanzere linali likunjenjemera moti mpope unkangoweramira pansi ndikafuna kuloza.

Ndaona anthu akugulitsa bolt (kachipangizo kokankhira kampira mu mpope) yopepuka, hammer (kachitsulo komenya valavu ya mpweya) yopepuka, mabawuti a titanium ndi mipope ya carbon fibre. Wina anandiuzanso kuti ndikhoza kupita nayo kwa mmisiri kuti aseme thupi lake. Funso langa ndi lakuti, mwa zonsezi ndi ziti zimene zimachotsadi kulemera, ndipo ndi ziti zimene zingandionongere liwiro ndi kulunjika kwa timipira? Ndalama zanga n'zochepa, choncho sindikufuna kuzitaya pa zinthu zongokongoletsa.

Mlenje_wa_Benoni

Achimwene, musanatulutse ngakhale randi imodzi, bwerekani sikelo ya kukhitchini ndipo muyeze chinthu chilichonse pachokha. Mukatilembera manambalawo tidzakuthandizani bwino, chifukwa pakadali pano tonse tikungolota.

Kamba_Wothamanga

Ine ndikuona kuti vuto si mfuti ayi, koma mkono. Muzinyamula zolemera katatu pa sabata, ndipo pakatha miyezi iwiri mudzaiwala kuti munadandaulapo.

Namondwe

A Kamba, yankho limenelo timalimva nthawi zonse, ndipo silithandiza wofunsayo. Ine ndine mayi wa thupi laling'ono ndipo ndimachita masewera olimbitsa thupi, koma pali kusiyana pakati pa kunyamula cholemera kakhumi n'kuchiika pansi, ndi kugwira mfuti m'mwamba kwa mphindi zingapo utanyonyomala kuseri kwa matayala, ukudikira kuti mdani asuzumire. Mkono wamphamvu umatopa ndithu ngati kulemera kwakhala kutali ndi thupi.

Gologolo_68

Ndayeza monga mwanenera, a Mlenje, ngakhale mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lachilendo poona mfuti pa sikelo yawo ya ufa. Mfuti yokha yopanda zovekedwa ili pafupi makilogalamu 1.3. Thanki nayo ili pafupi makilogalamu 1.3. Chotsamira paphewa, chophimba mpope ndi kagalasi zonse pamodzi zakwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Hopper, chotengera timipira chimene chimakhala pamwamba pa mfuti, ikadzaza ili pa magalamu 750. Ndikamanga zonse pamodzi ndi mpope wautali uja, sikelo ikuonetsa makilogalamu 4.4. Kunena zoona sindinkadziwa kuti mfuti yeniyeniyo sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu amene ndimathamanga naye.

Mlenje_wa_Benoni

Apo ndiye mwayankha nokha theka la funso lanu. Taonani bwino manambalawo: makilogalamu oposa atatu ali kunja kwa thupi la mfuti, pamene zinthu zimene amakutsatsani, monga bolt ndi mabawuti, zili mkati mwa makilogalamu 1.3 aja, ndipo mwa zimenezo mungapulumutse magalamu makumi ochepa chabe.

Yambani ndi zaulere. Chotsani chophimba mpope, chifukwa ntchito yake ndi kufanizira mfuti ya asilikali basi, sichiwonjezera kanthu pa kawombedwe. Chotsaninso kagalasi. Kampira ka penti ndi kozungulira, mkati mwake muli madzimadzi, kamalemera pafupifupi magalamu 3, ndipo kamayamba kugwa ndi kupatuka kakangouluka mamita ochepa. Kagalasi kolozera sikangakuuzeni kumene kampira kotere kakagwere pa mtunda wa mamita 30, ndipo ambirife timaloza potsatira ndi maso timipira toyamba n'kukonza pamenepo. Chotsamira paphewa ndi nkhani ya kukonda kwa munthu, koma ngati thanki yanu imamangidwa pansi pa chogwirira, thankiyo ndi imene imakhala paphewa, ndipo chotsamiracho chimangogunda chigoba chakumaso mukafuna kuyang'ana motsatira mpope. Mukachotsa zitatuzi mwatsitsa kilogalamu yathunthu osalipira kalikonse, ndipo simunakhudze chilichonse chimene chimayendetsa mpweya.

Kamba_Wothamanga

Koma akachotsa zonsezo mfutiyo idzaoneka ngati mpope wa madzi wa pabafa. Ena a ife timasewera m'tchire chifukwa timakonda maonekedwe amenewo.

Namondwe

Wofunsayo sanadandaule za maonekedwe, a Kamba, wadandaula za dzanja lonjenjemera.

Fisi_wa_Leeds

Ndiloleni ndilankhulepo za thanki, chifukwa m'maganizo anga ndi pokhapo pamene ndalama zimagwira ntchito yooneka. Manambala awiri olembedwa pa thanki amatanthauza kukula kwa mkati mwake, m'ma cubic inch, ndi mphamvu ya mpweya imene ingalandire, m'ma psi. Yanu ndi 48 pa 3000 psi, zimene zili pafupi 207 bar. Thanki yotchuka ya carbon fibre ndi 68 pa 4500 psi, pafupi 310 bar. Mukachulukitsa manambalawo muona kuti yachiwiriyi imasunga mpweya woposa kawiri wa yoyamba, chikhalirecho imapepuka, chifukwa mkati mwake muli chikhungwa chopyapyala chimene chakulungidwa ndi ulusi wa carbon, pamene ya aluminiyamu imadalira kuchindikala kwa chitsulo chokha. Zambiri za 68/4500 zimakhala pafupi ndi kilogalamu imodzi, ndipo zopepuka kwambiri zimatsikirapo.

Osewera amawerengera mwachidule kuti cubic inch imodzi imapereka kuwombera pafupifupi 10 pa 3000 psi ndi 15 pa 4500 psi. Ndiye kuti yanu imakupatsani pafupi 500, pamene inayo imayandikira 1,000, ngakhale mfuti za mtundu wanu zimadya mpweya wochulukirapo kusiyana ndi zamakono. Ngati simuwombera kwambiri pa masewero amodzi, musagule 68, gulani ya carbon yaing'ono monga 48/4500, chifukwa cholinga chanu ndi kupepuka.

Pali zinthu zitatu zoti musamale. Choyamba, funsani kubwalo kwanu ngati amadzaza mpaka 4500 psi, popeza mabwalo ena amalekezera pa 3000, ndipo zikatero mwalipira mphamvu imene simudzaigwiritsa ntchito, ngakhale kupepukako kudzakhalapobe. Chachiwiri, onani mphamvu imene regulator ya thankiyo, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mpweya wopita kumfuti, imatulutsa. Mfuti yanu inapangidwa poganizira CO2, imene imakhala pafupi 800 mpaka 850 psi kukakhala kotentha bwino, choncho imafuna regulator yotulutsa pafupi 800 psi. Mukaipatsa ya 450 psi, imene inapangidwira mfuti zina zamagetsi, liwiro lidzatsika ndipo hammer idzalephera kubwerera pamalo pake. Chachitatu ndi masiku olembedwa pa thanki. Zambiri za carbon zimayenera kuyesedwa ndi madzi zaka zisanu zilizonse, ndipo zambiri moyo wake umathera pa zaka 15 kuchokera tsiku limene zinapangidwa, kaya zikuonekabe zatsopano.

Chitedze_77

Mfundo yachitatuyo ndiitsimikize ndi zimene zinandigwera. Ndinagula thanki ya carbon kwa munthu wina pa intaneti pa mtengo umene ndinauona ngati mwayi wa chaka. Inali yosalala, yopanda chikanda ngakhale chimodzi. Nditafika nayo podzazira mpweya, mnyamata wa pamenepo anaitembenuza, nawerenga chizindikiro cha mwezi ndi chaka, n'kundibwezera mwaulemu, akuti yatsala ndi miyezi inayi kuti ikwanitse zaka 15 ndipo tsiku loyesa linadutsa kale. Wogulitsa uja anali atasiya kuyankha mauthenga. Thankiyo ili m'galaja mpaka lero, ndipo ndinabwerera ku ya aluminiyamu kwa chaka china chathunthu. Mukamagula yakale, pemphani chithunzi cha chizindikirocho, ndipo muchiwerenge nokha.

Fisi_wa_Leeds

Pepani a Chitedze, koma mnyamatayo anachita bwino kukana. Ndiwonjezerenso chenjezo limodzi kwa a Gologolo, popeza akulowa kumene m'nkhani za matanki: musadontheze mafuta pakamwa podzazira mpweya kapena mkati mwa regulator ya thanki, ngakhale pakutuluka mpweya pang'ono. Mafuta akakumana ndi mpweya wopanikizidwa mwadzidzidzi amatha kuyaka. Ndipo musachotse kapena kusintha burst disk, kachitsulo kotetezera ka pa regulator, n'cholinga chilichonse, chifukwa ndi imene imaphulika m'malo mwa thanki.

Kadzidzi_Usiku

Nonse mukulankhula zopepukitsa thanki, koma pali njira yoichotseratu pamfuti. Gulani remote line, imene ndi paipi yopotana ngati chingwe cha telefoni zakale, ndipo thankiyo muziibereka kumsana m'lamba wa ma pod, timabotolo tosungiramo timipira towonjezera. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi thanki ya carbon, ndipo makilogalamu 1.3 onse amachoka m'manja. Ine ndasewera chonchi m'tchire kwa zaka zambiri.

Namondwe

Ine sindikugwirizana nanu kwenikweni, a Kadzidzi. Ndinayesa remote line kwa miyezi iwiri ndipo ndinaisiya. Thanki ikakhala pamfuti imakhala kumbuyo kwa dzanja lowombera, imatsamira paphewa, ndipo imabwezera kulemera kwa mpope ndi hopper. Mukaichotsa, sikelo idzanena kuti mfuti yapepuka, koma kulemera kotsalako kumakhala kutsogolo ndi pamwamba, ndipo dzanja lamanzere, limene a Gologolo akudandaula nalo, ndi limene limasenza zonse. Kuwonjezera apo, paipiyo inkandikola m'zitsamba, ndipo posintha dzanja kuti ndiwombere mbali ya kumanzere kwa chobisalira inkandizinga pachifuwa.

Kadzidzi_Usiku

Zimenezo n'zoona ngati mwachotsa thanki ndi chotsamira paphewa pamodzi, achemwali. Amene asankha remote line ayenera kusunga chotsamiracho, ndipo amene asiya thanki pamfuti ayenera kuchichotsa. Cholakwika chimene a Gologolo ali nacho pano ndi chakuti ali ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Chotsamira cha magalamu 400 kapena 500 n'chopepukabe kusiyana ndi thanki ya makilogalamu 1.3.

Namondwe

Pamenepo tagwirizana, ngakhale ine ndikadasankhabe thanki pamfuti.

Mmisiri_wa_Lathe

Ndachedwa kufika, koma ndaona kuti funso la zam'kati silinayankhidwe mokwanira, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaonongera mfuti zawo. Ntchito yanga ndi yosema zitsulo, choncho ndiyambe ndi kulemera kwa zipangizo. Pa cubic centimetre imodzi, chitsulo chimalemera pafupifupi magalamu 7.8, titanium 4.5, aluminiyamu 2.7, carbon fibre yowumitsidwa pafupi 1.6, ndipo pulasitiki yolimba yotchedwa Delrin 1.4. Taonani kuti titanium ndi yolemera kuposa aluminiyamu. Imathandiza pokhapokha ikulowa m'malo mwa chitsulo, ndipo pamfuti yanu zachitsulo ndi mabawuti, timapini, masipuling'i ndi hammer. Mabawuti onse mukawaika pa sikelo ija ya ufa mupeza magalamu makumi ochepa, ndipo titanium ingakuchotsereni osakwana theka la amenewo. Mukhoza kupeza phindu lomwelo posiya timipira tisanu kapena khumi m'thumba.

Tsopano za hammer. Mfuti yanu imagwira ntchito motere: mukakoka chowombera, sear, kachitsulo kamene kamakola hammer, imaimasula, sipuling'i imaikankhira kutsogolo, ndipo imakamenya kapini ka valavu. Valavuyo imatseguka kwa kanthawi kochepa kwambiri. Mpweya wambiri umadutsa mu kachubu kotchedwa power tube kukakankha kampira, ndipo wina umabwerera kudzakankha hammer kuti ikakodwenso pa sear. Kutalika kwa nthawi imene valavu ikhala yotsegula kumadalira kulemera kwa hammer, mphamvu ya sipuling'i, ndi mphamvu ya mpweya umene ukukankha valavu kuti itseke. Opanga anayeza zitatuzi kuti zigwirizane. Mukapepukitsa hammer yokha, imamenya valavu n'kubwezedwa msanga, mpweya wotuluka umachepa, ndipo liwiro limatsika. Pofuna kubwezeretsa liwirolo mumaika sipuling'i yolimba, ndipo pamenepo mpweya wobwerera umayenera kulimbana ndi sipuling'i yolimbayo, kotero thanki ikangotsika pang'ono hammer imalephera kukodwa ndipo mfuti imayamba kutatarika yokha mpaka kuima.

Dziwaninso kuti pa 98 bawuti yosinthira liwiro sikhudza sipuling'i, imangotsekereza njira ya mpweya mu power tube. Ikhoza kutsitsa liwiro lochuluka, koma mukaitsegula yonse ndipo valavu sikutulutsa mpweya wokwanira, ilibenso chimene ingakupatseni.

Za bolt yakutsogolo musavutike nazo, chifukwa pamfuti yanu ndi yapulasitiki kale. Bolt ya Delrin imathandiza pamfuti zimene zinabwera ndi ya aluminiyamu, ndipo ngakhale pamenepo phindu lake lalikulu si kupepuka kwa m'manja, koma kuchepa kwa kugwedezeka ndi kusakanda mkati mwa thupi.

Chitedze_77

Zimene afotokoza a Mmisirizi ndinaziona ndi maso pa mfuti ya mphwanga. Anagula hammer yopepuka kwa wogulitsa wina, ndipo pa chronograph, makina oyezera liwiro la kampira, liwiro linatsika kuchoka pa 280 fps (mafiti pa sekondi) kufika m'ma 240. Anatsegula bawuti ya liwiro mpaka kumapeto, osaphula kanthu. Kenako anaika timawashala kumbuyo kwa sipuling'i, liwiro linakwera, koma manambala anayamba kudumphadumpha, kuwombera kumodzi 265, kotsatira 295. Woyang'anira bwalo anamuletsa kulowa nayo mpaka atabwezeretsa hammer yakale.

Gologolo_68

Zikomo kwambiri a Mmisiri, hammer ndi mabawuti ndazichotsa pa mndandanda wanga. Nanga zosema thupi la mfuti? Munthu amene anandiuza uja ananena kuti kale anthu ankachita kwambiri.

Mmisiri_wa_Lathe

Ankachitadi, makamaka pa mfuti ya mtundu wa Autococker m'zaka za m'ma 1990, chifukwa thupi lake linali chibuma cha aluminiyamu chokhala ndi nyama yambiri yosafunika m'mbali, ndipo amisiri ankadziwa pamene pali njira za mpweya ndi pamene palibe. Thupi la 98 ndi losiyana. Ndi zigamba ziwiri za aluminiyamu yothiridwa m'chikombole, zopyapyala kale, zimene zimamangidwa ndi mabawuti n'kugwira timapini ta sear ndi chowombera m'timabowo take. Mukasema molakwika pafupi ndi timabowo timeneto, sear imayamba kusewera, ndipo mfuti imene sear yake ikusewera ikhoza kuwombera popanda kukoka chowombera. Aluminiyamu yothiridwa imang'alukanso msanga kusiyana ndi yosemedwa kuchokera ku chibuma. Munthu akandibweretsera ntchito imeneyi ndimakana, ngakhale ndalama ndikuzifuna, chifukwa magalamu 100 amene angachoke sakulingana ndi ngozi yake.

Kamba_Wothamanga

Mukudziwa kuti mfuti zoyamba za masewerawa sizinapangidwire masewera n'komwe? Nel-Spot 007 inali yolembera mitengo ndi ng'ombe ndi penti, ndipo masewero oyamba anachitikira ku Henniker, New Hampshire, m'chaka cha 1981. Inali yachitsulo, yowombera kamodzikamodzi, ndipo sindikhulupirira kuti anthu amenewo ankayeza mabawuti pa sikelo ya ufa.

Mlenje_wa_Benoni

Mbiriyo ndi yoona, a Kamba, koma ikutsutsana ndi mfundo yanu. Mfuti imeneyo inali yam'manja, inkagwiritsa ntchito kabotolo ka CO2 ka magalamu 12 ndi timipira tochepa m'kachubu. Iwo sankanyamula thanki ya makilogalamu 1.3 ndi timipira 200 pamwamba pa mfuti. Ndipo zimenezi zikutibwezera ku nambala ina ya a Gologolo imene sitinaikambe, ya hopper.

Timipira 200 ta .68 (kukula kwake m'mainchesi) timalemera pafupifupi magalamu 600, ndipo timakhala pamalo oipitsitsa, pamwamba penipeni pa mfuti. Ngati mumasewera m'tchire mobisalira, osati mowaza penti, palibe lamulo lokukakamizani kudzaza hopper mpaka pakamwa. Ikani 100, ena akhale m'ma pod m'chiuno, ndipo mwachotsa magalamu 300 m'manja. Kulinso ma hopper ang'onoang'ono a timipira 50 kapena 100. Chimene ndikukuletsani ndi kugula hopper yamagetsi poganiza kuti ndi kupita patsogolo. Zotchuka monga Dye Rotor ndi zabwino kwambiri pa ntchito yake, koma zili ndi mota ndi mabatire atatu a AA, kotero zimalemera kuposa yanu yapulasitiki wamba, ndipo zinapangidwira mfuti zamagetsi zowombera mofulumira kuposa mmene chala chanu chingachitire pa 98.

Namondwe

Pa mpope ndiye pamene ndingalimbikitse a Gologolo kuwonongapo ndalama pang'ono, thanki isanafike. Magalamu amene ali kunsonga kwa mpope amamveka kwambiri kuposa magalamu omwewo pafupi ndi chogwirira, monga mmene khasu limalemerera ukaligwira kumapeto kwa mpini. Mpope wa mainchesi 16 suwonjezera mtunda, chifukwa liwiro limayezedwa potulukira ndipo lili ndi malire, nthawi zambiri 300 fps, pafupi mamita 91 pa sekondi, ndipo mabwalo ambiri amalamula 280. Kampira kotuluka pa 280 fps kamafika pamtunda womwewo kaya katuluka mu mpope wa mainchesi 12 kapena 20. Wautali kwambiri umangodya mpweya wambiri. Ine ndimagwiritsa ntchito wa mainchesi 14, ndipo wa 12 ndi wokwaniranso.

Chimene chimakhudzadi kawombedwe ndi kusalala kwa mkati, kukula kwa bowo poyerekeza ndi timipira, ndiponso koposa zonse ubwino wa timipirato. Mipope imalembedwa manambala monga .684, .687 kapena .689. Yesani poika kampira kumbuyo kwa mpope wochotsedwa pamfuti: kakagwa kokha, bowo ndi lalikulu, mukalephera kukatulutsa ndi mpweya wa m'kamwa, ndi laling'ono. Ndipo onetsetsani kuti mazinga ake omangira pamfuti ndi a 98, chifukwa a Autococker, a A-5 ndi a Spyder ndi osiyana, ndipo sangalowe.

Fisi_wa_Leeds

Pa nkhani yoyesa ndi mpweya wa m'kamwa, achemwali, osewera ambiri masiku ano amasankha dala bowo lothina pang'ono kuti apulumutse mpweya, kapena lotakasuka kuti timipira tisasweke. Kuno kukazizira chikhungwa cha timipira chimakhala chosachedwa kusweka, choncho ine ndimasankha lotakasuka. Ndikuganiza kuti m'mawa wa mwezi wa June ku Johannesburg ndi chimodzimodzi.

Namondwe

N'zoona ndithu, ndipo kwa munthu wokhala ndi mpope umodzi ndingasankhe wa .689, umene umalandira timipira tambiri popanda vuto.

Mmisiri_wa_Lathe

Ndiwonjezere pa mipope ya carbon fibre. Yabwino imatha kulemera pafupifupi theka la ya aluminiyamu ya kutalika komweko, koma tikulankhula za magalamu makumi angapo, osati mazana. Phindu lalikulu kwa a Gologolo lichokera pa kufupikitsa ndi kuchotsa chophimba, osati pa carbon. Ya carbon imafunanso kuisamala: musamaipukute mkati ndi chinthu cholimba kapena chamchenga, ndipo musamaigwiritse ntchito kukankhira nthambi kapena kudzukira pansi.

Chitedze_77

Ndinene chinthu chimene mwina sichikondweretsa. Mukawerengera thanki ya carbon, mpope watsopano ndi tizinthu tina, mufika pa ndalama zoyandikira mtengo wa mfuti ina imene inabadwa yopepuka. Planet Eclipse ya ku Manchester imapanga EMEK, yopanda mabatire, imene kunja kwake ndi nayiloni yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, ndipo sikwana kilogalamu imodzi. Kodi si kwanzeru kungogulitsa 98 n'kuwonjezera ndalama?

Mlenje_wa_Benoni

Funso lanu ndi labwino, koma werengerani bwino. Kusiyana kwa mfuti ziwirizo ndi magalamu 400 kapena kupitirira pang'ono, ndipo akagula EMEK adzakhalabe ndi thanki yomwe ija ya makilogalamu 1.3 ndi timipira tomwe tija. Komanso EMEK inapangidwira mpweya wopanikizidwa, osati CO2, pamene 98 imalandira zonse ziwiri, zimene zimathandiza munthu akapita kubwalo laling'ono lopanda makina odzazira mpweya. Ubwino wa kuyamba ndi thanki ndi wakuti imamangika pamfuti iliyonse imene angadzagule m'tsogolo, pamene mpope wa mazinga a 98 ndi zam'kati zake zimatsala ndi mfutiyo. N'chifukwa chake ndikadakhala ine ndikadagula mpope wa aluminiyamu wotsika mtengo wa mainchesi 12 kapena 14, ndalama zenizeni n'kuzisungira thanki.

Kadzidzi_Usiku

Ndikumbutse chinthu chimodzi chimene palibe wachitchula molunjika. Mukasintha chilichonse chokhudza mpweya kapena mpope, pitani pa chronograph musanalowe m'bwalo, ndipo muwombere kosachepera kakhumi, mukulemba manambala. Musangoyang'ana ngati muli pansi pa malire, muonenso kusiyana pakati pa nambala yaikulu ndi yaing'ono. Mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi ndipo manambala asokonekera, simudzadziwa cholakwa ndi chiti.

Gologolo_68

Ndabwera kudzapereka lipoti, akuluakulu, patatha masabata awiri. Ndinachotsa chotsamira paphewa, chophimba mpope ndi kagalasi. Ndinagula mpope wa aluminiyamu wa mainchesi 14 wa .689, ndipo ndikuika timipira pafupifupi 120 mu hopper. Sikelo ikuonetsa makilogalamu 3.1 m'malo mwa 4.4. Ndisanasinthe kanthu ndinawombera kakhumi pa chronograph ndipo manambala anali pakati pa 268 ndi 283. Nditaika mpope watsopano liwiro linakwera kufika m'ma 290, ndinalitsitsa ndi bawuti ija, ndipo tsopano likukhala pakati pa 270 ndi 281. Ndinasewera masewero asanu ndi awiri Loweruka, dzanja silinanjenjemere, ngakhale ndinatha timipira kawiri pakati pa nkhondo chifukwa sindinazolowere kudzaza kuchokera mu pod.

Kubwalo kwathu andiuza kuti amadzaza mpaka 4500 psi, choncho ndayamba kusunga za thanki. Chandivuta n'chakuti chichotsereni chotsamira, thanki ya 48/3000 ikundifupikira paphewa ndipo chigongono chikupindika kwambiri. Kodi 48/4500 siidzakhala yaifupi chimodzimodzi?

Fisi_wa_Leeds

Ikhoza kukhala yaifupi kuposa pamenepo, chifukwa zambiri za carbon za kukula kumeneko ndi zonenepa ndi zazifupi. Yesani motere musanagule: mangani thanki pamfuti, gwirani chogwirira, pindani mkono, ndipo tsinde la thanki likhale pafupi ndi popindikira chigongono. Ngati mikono yanu ndi yaitali, 68/4500 ingakukwaneni bwino ngakhale ikulemera pang'ono kuposa yaing'onoyo. Bwerekani zonse ziwiri kwa anzanu kubwalo Loweruka likubwerali, musewere nazo masewero amodziamodzi, ndipo mudzatiuze kuti dzanja lamanzere lasankha iti.